Mphika Wosanyamulika

Pafupi ndi mphambano ya Katoto, kuseri kwa zikwangwani,
a Chavula amandandalika miphika yawo pakapinga
ngati ana asukulu pamzere wa m'mawa:
yaifupi kutsogolo, yamakosi aatali kumbuyo,
ina yopaka laimu, ina yofiira ngati dothi la ku Masasa,
umodzi wooneka ngati bakha wobooka pamsana.
Chifunga chinali chisanachoke.

"Monire, mama. Sankhani."

Ndinayamba monga ndimayambira masiku onse:
kugwira mphika pakamwa, kuupendeketsa,
kuuyesa kulemera ndi mkono umodzi.
Ndi chizolowezi cha munthu wa lendi.
Zaka khumi ndi zinayi maluwa anga sanaponde pansi.
Ku Chibavi ankakhala m'zitini za penti,
ku Zolozolo m'beseni losweka,
ku Mchengautuwa m'tayala
lomwe Lusekero anadula ndi mpeni wa buledi
mpaka kudzicheka chala.
Mwininyumba akati mwezi ukatha mutuluke,
maluwawo ankakwera ngolo limodzi ndi matiresi,
akupukusa mitu njira yonse.

Choncho ndinkasankha zopepuka, zapulasitiki,
zomwe dzuwa la Okutobala limaziumitsa
mpaka kuthetheka ngati bisiketi,
koma sizithyola msana patsiku losamuka.

A Chavula anagogoda wadothi ndi chikhadabo. Unalira ngwee!
"Uwu umapuma, mizu siwola.
Koma mwana akauwomba ndi mpira, musadzandilirire."
Anagadabuza wina, kundionetsa kunsi:
"Onani bowo. Kuno mvula imabwera ngati mwini ngongole,
m'mawa, masana, mawanso.
Mphika wopanda bowo ndi chitsime, duwa limamira."
Ndinaseka. Moyo wanga wonse ndakhala ndikumata zodontha,
ndowa, denga, malipiro,
lero ndilipirenso bowo?

Kenako ndinauona, kumapeto, pafupi ndi mulu wa mchenga.
Wasimenti, wosapaka kanthu, wotuwa ngati thambo la Julaye,
ndere itayamba kale kumera m'khosi mwake.
Ndinaukankha ndi bondo. Sunandiyankhe.
Ndinaukankha ndi manja awiri. Unangokhala phee
ngati munthu amene ali ndi mapepala a malo ake.

"Umenewo, mama, wakana anthu ambiri.
Pamafunika amuna atatu ndi galimoto.
Mukauika, mwauika."

M'chikwama mwanga munali pepala lopinda kanayi,
lokhala ndi chidindo ndi dzina langa:
kapuloti kotsetsereka ku Dunduzu,
zipinda ziwiri, mawindo otseka ndi makatoni,
khonde lopanda denga.
Sindinawauze zimenezo.
Ndinafunsa mtengo, ndinanenerera pang'ono, mwamwambo chabe,
iwo n'kundichotsera ya kabaza.

Madzulo anyamata atatu anautsitsa
akudandaula m'Chitumbuka, misempha ili njo,
m'modzi n'kufunsa: "Tiike pati?"
Ndinaima nthawi yaitali.
Funso limenelo palibe anali atandifunsapo.
Apa. Ayi, apo,
pomwe dzuwa limafika likapyola mitengo ya paini.

Lusekero anayala zidutswa za njerwa pabowo,
dothi lakuda, manyowa a nkhuku opempha kwa aNyaHarawa,
kenako duwa lija la ku Chibavi, lokalamba, lopindika,
lomwe mizu yake inazungulira m'chitini
mpaka kusanduka chitini china.
Ndinaimasula ndi zala, umodziumodzi.
Ina inaduka. Ina inakana kuwongoka,
ndinaileka choncho.

Usiku inabwera mvula ija yosaodira.
Ndinafunda chitenje, kutuluka ndi tochi ya pafoni.
Madzi ankatsika kunsi kwa mphika,
kamtsinje kochepa ngati chingwe cha nsapato,
n'kulowa m'dothi langa.
Makatoni a m'mawindo anali atanyowa, denga likudontha pakona.
Ndinaukankhanso ndi bondo, kungofuna kumva.
Sunasunthe.