Mayi wa M'foni

Inaima pa shedi yanga ya matayala ku Chinsapo,
nambala ya ku Zambia, matope mpaka m'zitseko.
"Gulliver ndi kuno?"
Ndinaseka mpaka sipanala inagwa.

Mayi wa m'foni mwake ankalankhulabe,
mawu osalala, a munthu wosapondapo fumbi:
khoterani kumanzere, khoterani kumanzere.
Kumanzereko kuli chigwembe, a Mwiinga,
kamlatho kanapita ndi mvula ya Januwale
ndipo palibe anakawauza mayiwo kumwambako.

"Koma andichotsa ku Chipata osaphonya!"
Inde, pa tala.
Kuno manambala sayenda pamzere,
47 amapala moto kwa 15,
nyumba timailondola ndi chigayo,
mjigo wakufa, geti lofiira la a Nankhoma.

Ndinaitana Limbikani wa kabaza:
tsogola, mlendo asagone m'matope.
Ananyamuka, njinga patsogolo,
galimoto pambuyo ngati ng'ombe yogulidwa.

Wabwera dzuwa litalowa, akukanda mutu.
Akuti atafika ku 49
mipanda yonse inafanana,
iyenso anasochera.
Geti analipeza ndi mayi uja.

Ndalama ya ulendo
sindikudziwa agawana bwanji.