Pukuta Kaye M'manja, Zakeyu

Pukuta kaye m'manjamo, Zakeyu,
zala zikuterera pa mabatani.
Kasanu tsopano wakugwetsa mkulu wandevu zofiirayu,
kasanu ndalama ya mpiru wa amayi ako
yalowa m'kachitini ka a Namakhwa,
eni ake akungomwetulira uku akumeta munthu.

Ndakuona. Ukudina zonse pakamodzi
ngati nkhuku yojompha gaga pachigayo.
Kompyuta siopa phokoso, mphwanga.
Ilibe mtima woti ugunde,
ilibe mtsikana woima pakhomo ndi beseni la nthochi
woti iyiwale nazo nzeru.
Koma ili ndi chizolowezi,
ndipo chizolowezi ndi chitseko chopanda mpiringidzo.

Ine ndinaphunzirira pompano pa Luchenza,
chaka chija chiperoni chinakana kuchoka,
ntchito yothyola tiyi itachepa.
Ndinkakhala pa kreti iyoyo, yothyoka ngodya,
wopanda ndi kobiri lomwe, kungoonerera anzanga akukunthidwa.
Maso anaphunzira zala zisanayambe.

Ndiye tchinga.
Kankhira kumbuyo, ugwire pomwepo, usachite manyazi.
Msiye abwere ndi zibakera zake zitatu,
chachinayi amachiponya ndi thupi lonse
ndipo chikaphonya amaima kakasi,
kamphindi kochepa ngati kuphethira.
Pamenepo ndiye pako.
Kawiri kokha, chibakera ndi theche, ubwerere.
Usachite dyera.

Wasinthanso munthu?
Dzulo unali ndi wamalupanga, lero wamoto m'manja,
mawa udzafuna mayi wouluka uja.
Sankha mmodzi, ukhale naye
mpaka udziwe pomwe mwendo wake umalekezera,
monga udziwira njinga ya atate ako
kuti buleki yakumanzere ndi yabodza.

Ndipo leka kudumpha!
Ukadumpha wagula tikiti yosabweza.
Iye amakudikira pansi, chibakera chili m'mwamba,
iwe n'kutsikirapo wekha ngati papaya lakupsa.
Yenda pansi. Msese miyendo.
Akayamba kutchinga m'munsi, mmenye m'mutu.
Akauma gwa ngati chipilala cha pa siteshoni,
msendere, umgwire m'chiuno, umtaye uko.

Kukhoma usapiteko, kulibe abale.

Pali china anyamata awa sangakuuze.
Mkati umu muli pochepetsera ukali wake.
Apemphe a Namakhwa akutsitsireko pang'ono.
Aseke oseka.
Felesiya wa pa okala paja anayambira pomwepo,
lero akalowa muno onse amakumbukira
kuti anatumidwa mchere.

Eya, yambanso. Ndalipira ine.

Tchinga. Dikira. Chimodzi, chiwiri, chitatu...
Waona? Waphonya! Menya!
Bwerera, bwerera, usamtsatire.
Yang'ana kamzere kake kamwambako, kafupika.
Kako kakadali kobiriwira ngati munda wa tiyi mvula itagwa.
Nthawi nayo ili mbali yako,
ukhoza kungomzemba mpaka ithe,
palibe anamangidwapo chifukwa chopambana mwaulesi.

Wayambanso kupuma ngati wakwera Sapitwa.
Tsitsa mapewa. Katsala kachidutswa,
msese kamodzi basi, kamodzi...

Thii.

Magetsi apita.
Makina ometera aima pakati pa mutu wa munthu,
mbali imodzi mpala, ina tchire.
Mkulu wandevu uja wathawira mumdima
ndi kamoyo kake kangati ulusi.

Usalire, iwe. Ndaona ine, waonanso Felesiya pazenera.
Zala zako zagwira kanthu lero
koti mdima sungakulande.
Tenga jumbo yako, mpiru ukufota,
ukawauze amayi kuti msika unali wovuta.
Ayi, ukawauze zoona, ine ndiwonjezerapo ya kawiri.

Loweruka ubwere m'mawa, asanadzaze.
Ndipo uwenge zikhadabozo,
a Namakhwa akudandaula ndi batani lofiira.