Tchalitchi Chathu pa Nsalu ya Anakaleto

Ndinamuuza Anakaleto tsiku lomwelo:
tchalitchi chathu si chopendekera chonchi.
Njerwa tinaumba tokha kudambo,
zinapsa bwino, zofiira ngati katondo,
osati zabuluu ngati milomo ya mwana wogona panja.
Iye anangopukuta burashi pa buluku,
nati, "Mudzachione mu Juni, akatekisiti, m'mamawa."

Utoto anaupaka mokhuthala
moti chala chimapunthwa pa denga.
Thambo analipota ngati chingwe cha khonje,
mitengo ya paini yapindika ngati ikumva m'mimba,
phiri la Dedza langosuzumira,
theka lamezedwa ndi nkhungu.
Udzu wa pabwalo wayera mbuu ndi chisanu
ndipo pakhomo pali kadontho kofiira,
kamodzi kokha, kopanda nkhope.

Ndinachipachika m'chipinda chovaliramo ansembe,
kuseri kwa kabati,
kuopa kuti akhristu angaseke.

Papita zaka zisanu ndi zinayi.
Anakaleto anapita ku Joni, kalata sanalembe.
Lero ndalawira kukaliza belu la misa yoyamba.
Mphepo ya ku Mozambiki yandilowa m'maondo,
masamba a kachewere apsa usiku m'minda,
maso akuchucha misozi ya kuzizira,
ndipo m'misozimo khoma lasendera kumanzere,
njerwa zasanduka zabuluu,
mtanda ukunjenjemera ngati nawonso ulibe juzi.
Ndaima pa mpanda, makiyi ali m'manja.

Kadontho kaja ndakazindikira.
Ndi duku wa Nazimbiri, mkazi wanga,
amene ankafika tonse tisanafike
kudzasesa masitepe,
tsache m'khwapa, akuuzira mpweya m'zikhatho.
Ine ndinkamudutsa ndikusankha makiyi.
Mnyamata uja ndiye anamuona.
Tinamugoneka chaka chatha, chimanga chikucha,
kumanda a kuseri kwa tchalitchi chomwechi,
mbali imene sinakwane pa nsalu.

Belu lachedwa ndi mphindi khumi.
Bambo mfumu atafunsa
ndati chingwe chinauma ndi chisanu.

Misa itatha ndakankha kabati ndekha,
ndachotsa ukonde wa kangaude ndi mkono wa jekete,
ndaika chala pa kadontho.
Utoto ndi wozizira, wokhakhala,
koma apa anapakapo kawiri,
mwina katatu,
patukuka kuposa denga, kuposa mtanda.
Kabati sindinabwezere.