Dazi la Matabwa

Dazi mukuliona pamutu pangali
si la ukalamba.
Anandimeta ndi matabwa.
Zaka khumi ndi zinayi ndinali bulu wa phiri ili,
kutsika ku Chambe tambala asanalire,
nkhata ya thumba la feteleza,
thabwa la mkungudza lotalika kuposa khonde la kwathu,
zala za kumapazi zikukanda thanthwe ngati za gulo.

Tinalipo ine, Muhiwa, ndi Namanya wa dzino limodzi.
Pa Likhubula lole inkadikira itazimitsa nyali.
Mwini wake sitinamuonepo nkhope,
tinkangodziwa kapitawo, chikwama chake,
ndi mawu ake aja: fulumirani, kukucha.
Ndalama inkathera pa Chitakale tsiku lomwelo,
ufa, sopo, mabatire a wailesi.
Chotsala chinali fungo.
Esinati ankati ndikalowa m'nyumba
njenjete zimasamuka m'sutikesi.

Sindinama, mtengowo ndinkaukonda.
Munthu amakonda ndithu chimene akudya.

Chaka chimene Muhiwa anaterereka
pamwamba pa mathithi, thabwa lili pamutu,
tinati timuike m'bokosi la mkungudza
kuti chiswe chimupatse ulemu.
Tinakwera anthu anayi.
Masiku awiri, ku Chambe mpaka ku Thuchila.
Zitsa.
Zitsa zina.
Maenje ochekera atamera udzu,
utuchi wakale utasanduka dothi,
ndi mizimu yakuda ya mitengo
imene moto wa osaka mbira unaisiya chiimire.
Tinamuika m'bulugama wamuwisi,
misomali ikupindika.
Pochoka kumanda palibe anayang'ana kuphiri.

Lero njira ndi yomweyo,
koma katundu akuyenda chokwera.
Mbande makumi atatu m'dengu, m'machubu akuda,
iliyonse yosaposa chala chamkombaphala.
Elube wa ku nazale, msinkhu wa mwana wanga,
amandiphunzitsa kukumba dzenje,
ine amene mwala uliwonse wa m'njirayi
unalawapo magazi a chidendene changa.
Ndimamvera.
Amalemba m'kope: tadzala zingati, zafa zingati.
Zakufa ndizo zimadzaza tsamba.
Chisanu cha Juni chimawauka nazo,
mbewa zimadula,
ndipo Okutobala wina moto unalumpha njira tinalambula,
n'kudya thukuta la zaka zitatu
ife tikuuthamangira ndi nthambi.
Elube analira, kope lili m'manja.
Ine ndinakhala pachitsa kupuma,
ndipo ndinachizindikira:
apa ndi pomwe sowo ya Namanya inathyokera mano.

Malipiro ake ndi ochepa, ndipo amabwera motsimphina.
Usiku wina, ku chigwa cha kuseri,
ndinamva nkhwangwa ikugwetsa ya makala,
kenako kutsokomola.
Kutsokomola kumeneko ndikukudziwa.
Mwana wa Namanya, ali ndi ana atatu
ndi munda wosakwana kuyala mphasa
pakati pa tiyi ndi thanthwe.
Kwa alonda sindinamutchule.
Ndinapita kwake Lamlungu,
ndinavula chipewa, ndinamuonetsa dazi.
Anaseka.
Kenako anandifunsa ngati mbande zimadyeka.
Yankho ndinalibe. Mpaka lero ndikulifunafuna,
ndipo dengu lachiwiri ndalisunga kuseri kwa chitseko.

Pali umodzi, pamwamba pa kasupe,
umene moto unauiwala.
Wandifika m'chiuno tsopano.
Ndikafika ndimatula dengu,
ndimafikisa kanthambi pakati pa zala,
ndimanunkhiza,
ndipo Muhiwa amatsika kutsogolo kwanga akuimba mluzu.

Akuti kuti ukhale thabwa
umafuna zaka zoposa moyo wa munthu.
Ndiye kuti m'bokosi lake sindidzagonamo.
Zili bwino.
Chiperoni chayamba kukwera kuchokera ku Muloza,
dothi lafewa,
mbande zatsala khumi ndi ziwiri.
Elube akuitana kuti ndakumba mozama kwambiri.