Wosintha Ndalama wa pa Mwami

Kamphira komangira ndalama kandidya chala ichi.
Zaka khumi ndi zinayi ndikunyamula mitolo iwiri,
wina thumba lamanja, wina lamanzere,
yonse dzina lake kwacha,
koma ikakumana m'dzanja langa sipatsana moni
mpaka makina owerengera atalowererapo.

M'mawa uno wayilesi ya m'golosale ya a Shanzi
yati akuluakulu akumana kumzinda wina wakutali,
madzi a m'botolo patsogolo, mataye pakhosi,
akuti akufuna ndalama imodzi ya tonse oyandikana.
Akuti ayamba ndi komiti.
Komitiyo idzabala kakomiti,
kakomitiko kadzalemba pepala.
Malizani anaseka mpaka kutsamwa chimanga chootcha:
"Zikamadzatheka ife titamera udzu pamimba!"
Ine sindinaseke.
Ndinangogwira m'thumba.

Pajatu ine ndimadyera pampata.
Pakati pa mtengo wa uko ndi mtengo wa kuno
pali kamng'alu kopyapyala ngati lumo,
m'menemo ndi momwe mudatuluka malata anga a ku Kapata,
yunifolomu ya Tikambenji,
ngakhale bokosi lomwe tidaikiramo bambo.
Mukamata mng'aluwo ndi simenti,
nyerere ine ndidzatulukira pati?

Komatu dzulo lomweli
mayi wina wa ku Kamwendo anatsika pakabaza,
mwana kumsana akutentha ngati mbaula,
ulendo wa kuchipatala.
Anamasula mfundo ya chitenje ndi mano,
ndalama zofewa ndi thukuta,
mtedza wa dzinja lonse utapindidwa kanayi.
Ndinawerenga, ndinadina, ndinapereka.
Anayang'ana m'dzanja lake nthawi yaitali.
"Basi, zomwezi?"
Ndinati ndi momwe wadzukira mtengo lero, mayi.
Sindinaname.
Koma maso anga anali pa lole ya fetereza.

Mawu ake ngati a mlongo wanga Esinati,
yemwe adakwatiwa tsidya la mzerewu,
amene ndikam'tumizira ya maliro
imafika itaonda panjira ya makilomita asanu.

Mzerewo sindinauonepo ndi maso.
Munda wa malume udaudutsa pakati,
maungu amayala kuno n'kukabereka uko,
mbuzi zimawoloka zopanda chidindo,
mvula ikagwa ku Mchinji ife timaanula zovala.
Ndalama yokha ndiyo imaima pageti
n'kuvula nsapato.

Ndiye inu a m'chipinda chozizira,
ngati pepala lanulo lidzakhwime,
mudzajambulapo nkhope ya yani?
Musakanganirane mbalame kapena nsomba.
Jambulanipo mfundo ya chitenje ija.
Dzina musavutike nalo,
ife tidzaipatsa lathu sabata isanathe.

Sindinauze Malizani,
koma masana ndinadutsa kwa mmwenye
kukafunsa mtengo wa njinga yolimba kaliyala.
Kungofunsa chabe.
Miyendo ikadalipo,
ndipo anthu, ndalama ikhale imodzi kapena khumi,
adzafunabe wowakweza chitunda ichi.

Pakali pano komiti ikadamwa madzi ake.
Basi ya ku Lilongwe iyo yaima,
mazenera atseguka, manja atuluka,
ndikuthamanga pamodzi ndi anzanga asanu ndi awiri,
tonse pakamwa pamodzi:
"Kwacha! Kwacha! Kwacha apa!"

kunja kukuda.