A Wyson Ake Ati?

Magetsi abwera cha m'ma leveni usiku.
Mu ofesi ya ku Ginnery Corner tatsala atatu:
ine, mlonda, ndi fani yolira ngati ili ndi chifuwa.
Pa tebulo pali kabokosi koyeza madzi
koti Lachisanu tikamange pa kiyosiki ku Bangwe,
kuti thanki ikadzaza, pampu izizima yokha.

Laibulale imene ndikugwiritsa ntchito ndi nkhalamba.
Anailemba munthu amene sindidzamuona,
ine ndisanabadwe n'komwe.
Pempho lake ndi limodzi:
ndipatse adiresi, nthawi ikakwana ndidzaitana.
Adiresi basi. Khomo loti igogode.

Ndaipatsa fankishoni yanga yozimitsa pampu,
imene ndailera m'kati mwa kalasi,
koma kompayila yandibwezera mizere yofiira makumi anayi,
yonse kunena chimodzi: izi sizikukwana apa.

Ndatukwana. Mlonda wasuzumira, wabwerera.

Chobadwira m'kalasi sichiyenda chokha.
Chili ndi dzanja lobisika
limene chimagwira nalo mwini wake.
Ukachiitana chimayamba chafunsa: pampu iti?
Ya ku Bangwe, ya ku Chilomoni,
kapena yakufa ija ya ku Mbayani?
Nkhalamba ilibe khutu la funso lotere.
Dzina imalidziwa, mfunda ayi.

Chaka chatha, mwezi wa Juni, chiperoni chili tsaa,
ndinaima pakhomo la wodi ku Queens.
Ndikufuna a Wyson, ndinatero.
A Wyson ake ati? anafunsa nesi osadzutsa mutu.
Muno alimo atatu.
Dzina la bambo anga linali m'kamwa mwanga lonse
koma silinatsegule chitseko.

Anandithandiza ndi mayi wina wokolopa,
Abiti Sumani, wosakhala m'bale wa aliyense m'menemo.
Anatenga kapepala kamene amayi anandilembera,
anakayang'ana, nalowa,
nakagwira phewa loyenera pa bedi la kukona.

Ndiye usiku uno ndikulemba Abiti Sumani.
Fankishoni ya sitatiki, yoima payokha pakhomo,
yopanda dzanja lobisika.
Imeneyi nkhalamba yailandira mosawiringula.
Pambali ndaipatsira kathumba kopanda dzina,
m'kati mwake ndaikamo cholozera cha mwini pampu.
Nkhalamba sitsegula, sifunsa,
imangosunga ngati katundu wa eni m'minibasi,
ndipo ikadzaitana idzabweza momwemo.
Wapakhomo adzamasula, adzawerenga,
adzati: e, ndi wa ku Bangwe uyu,
n'kukagwira phewa loyenera.

Mizere yofiira yatha.
Ndathira madzi m'ndowa, kababu kayaka, kazima.
Ndinayenera kupita kunyumba.

Koma pali china chimene kompayila sichenjeza.
Mwini pampu akafafanizidwa, malo ake n'kupatsidwa wina,
nkhalamba sidziwa.
Kathumba ikali nako, adiresi ikali momwemo.
Idzagogodabe.
Adzatsegula mlendo, kapena sipadzakhala khomo,
pulogalamu n'kugwa fufumimba pakati pa usiku,
thanki ikusefukira m'njira ya anthu.

Nambala ya bambo ikadali m'foni mwanga.
Mwezi watha chala chinatereka, inaitana.
Anayankha mnyamata wogulitsa matayala ku Limbe.
Halo, ndani? Halo?
Ndinakhala chete mpaka mayunitsi anga anandimvera chisoni.

Tsono ndawonjezera mzere umodzi
pamene mwini pampu amatsanzikira:
usanachoke, kauze nkhalamba isadzakuitanenso.
Mzere waufupi, mawu anayi okha ndi kadontho.

Ndasunga. Ndatseka laputopu.
Mlonda akuwotha mbaula pansi pa masitepe,
akuti kabaza sapezekanso ola lino, ndidikire kuche.
Ndakhala naye pa benchi.
Ndatulutsa foni, ndafika pa dzina lija,
ndaliyang'ana mpaka kuwala kwazima kokha.