Mabatani Awiri

Magetsi athima eyiti koloko, mwa masiku onse kuno ku Area 36,
koma kompyuta ikadali maso.
Batire yatsala ndi mphindi makumi awiri.
Pasikirini pabwera bokosi lofiira
ndi funso la Chingerezi chouma:
tapeza kachirombo, tikachotse kapena tikasiye?

Mabatani awiri. Chala changa chili pakati.

Tiyanjane waima kumbuyo kwanga, yunifomu ya mawa ili m'manja.
Akuti amayi dinani, si nkhani yosalira kudya imeneyi.
Ali Fomu 3, amadziwa zonse.
Sanawerenge mzere wapansi, wa timalemba ting'onoting'ono,
wosonyeza pomwe kachiromboko kamanga chisa:
m'chikwatu cholembedwa ZA FANUWELO OSAGWIRA.

Ndikudziwa khomo limene kanalowera.
Loweruka lina bambo ake anabwera ndi fulashi
ya mnyamata wa mumsika wa Tsoka,
akumwetulira ngati watola chikwama m'minibasi,
ati lero mpira wakunja tiwonera ulere.
Anawoneradi. Chithunzi chimadukaduka,
chigoli chimafika kwathu aneba atasiya kale kukuwa,
iye n'kumakuwa yekha, mochedwa.

Miyezi isanu ndi inayi chimuikireni ku 18.
Nsapato ndinagawa. Jekete anatenga mlamu.
Chikwatuchi sindinachigwire.
Analemba yekha kuti osagwira.

Mwezi watha Sositeni wokonza makompyuta kuseri kwa depoti
anandiuza osapsatira: mayi, ichi si chimfine.
Chimawerenga chilichonse mukulemba,
manambala achinsinsi, maina a amayi a banki m'khonde,
wakongola zingati ndani, sanabweze ndani.
Bando yanu imathera chimenechi, chimadya inu muli mtulo.
Ndinafunsa: mukachizula, zinazo zitsala?
Anakanda m'mutu ndi sikuludiraiva.
Mwina. Zina zimapita nacho,
kaufiti amagwira muzu wa chimanga.

Mwina.
Ku Central anandiuzanso mawu omwewo.

Mphindi khumi ndi imodzi.

Amayi makumi awiri ndi atatu anandisankha kukhala mlembi.
Nasibeko amagulitsa makala a m'majumbo pamphambano,
masauzande awiri ake a Lachisanu amanunkha utsi.
Sanandipatse dzina lake kuti ndilisunge chipinda chimodzi ndi mbala
chifukwa choti mbalayo inalowa itagwirana dzanja ndi mwamuna wanga.

Koma pali chimene sindinauze Sositeni.
Usiku wina kompyutayi imadzuka yokha,
fani imayamba kupuma, kuwala kumadutsa pansi pa chitseko,
ndipo ine kuchipinda ndimagona chete
ngati pabalaza pali munthu akudikira theka lachiwiri.
Ndikudziwa, ndi kachirombo kakuyimbira eni ake.
Sindine mwana.
Komabe ndi chinthu chokhacho m'nyumba muno
chimene iye anayatsa chisanazime.

Mphindi zisanu ndi imodzi.

Tiyanjane wawerama. Wauwona mzere uja.
Milomo ikuyenda, mawu osatuluka.
Wayika yunifomu pampando, osaipinda.
Kunja jenereta ya ku bala yayamba kutsokomola.
Akufunsa: adadi akanati chiyani?
Ndikuti: akanati dikirani kaye mpira uthe.
Taseka, kuseka kwa mphuno, kwakufupi.

Ndiye ndamuuza atenge foni ajambule sikirini,
dzina la chikwatu liwoneke bwino, zilembo zonse.
Wajambula kawiri. Choyamba dzanja linanjenjemera.

Ndadina.

Kamzere kobiriwira kayamba kukwawa
ngati minibasi yodikira munthu m'modzi kuti idzaze.
Kafika pakati. Kaima. Kasuntha pang'ono.
Sikirini yada.

Takhala mumdima, fani yasiya kupuma.
Katsala kapena kapita, ndi zingati zapita nako,
tikaona magetsi akayaka.
Tiyanjane akufufuza machesi m'kabati.
Ine ndakumbukira kuti malasha a ayironi sindinagule.